Achemwali, marketing plan si kudzitama

Funso lanu ndaliwerenga kawiri. Mwati mwalemba buku lofotokoza moyo wa amayi a ku Malawi ogwira ntchito zapakhomo kuno ku Joni, ofalitsa mabuku akufuna marketing plan, tsamba lonena momwe mudzalitsatsire, koma inu mukuchita manyazi, komanso pa Facebook muli ndi anzanu 600 okha.

Manyaziwo ndikuwadziwa, tonse tinakula tikuuzidwa kuti munthu sadzichemerera yekha. Koma ofalitsa mabukuwo sakufunsa ngati ndinu otchuka ayi. Kampani ngati Jacana kapena Jonathan Ball imalipira mkonzi, wojambula chikuto ndi osindikiza isanalandire ngakhale randi imodzi. Masitolo ngati Exclusive Books amatenga gawo lawo pa mtengo, ndipo mabuku akakhalitsa pashelefu amawabweza. Ndiye chomwe ofalitsawo akufuna kumva n'choti makope oyambirira adzagula ndani, nanga anthuwo adzamvera kuti.

Ine ulendo woyamba ndinalemba kuti buku langa ndi la "aliyense wokonda kuwerenga" ndipo ndidzalengeza pa intaneti ndi pawailesi. Anandiyankha mizere iwiri yokana. Mnzanga wina wodziwa ntchitoyi atawerenga anangoseka, amvekere, "Aliyense ameneyu amakhala nyumba nambala chani?" Zinandiwawa, koma amanena zoona.

Fodya wako ndi amene ali pamphuno. Werengani zomwe muli nazo kale, muzilembe ndi manambala. Kutchalitchi kwanu kumabwera anthu angati Lamlungu, ndipo abusa angakupatseni mphindi zisanu pa zolengeza? Gulu la zamaliro lija, chipereganyu, magulu a WhatsApp a anthu akwanu okhala ku Rosettenville kapena Diepsloot, onsewo ndi msika. Anthu 80 amene mumaonana nawo maso ndi maso amaposa zikwi za ongodina like. Zogula ma follower musayese n'komwe, amaonekera poyera.

Musaiwalenso mabwana. Amayi a ku Randburg ndi Sandton amene amalemba ntchito Amalawi ndi omwe amalowa m'sitolo n'kutulutsa R300 osadandaula, ndipo ambiri sadziwa kuti wowachapira zovala uja anasiya ana ku Mzimba kapena ku Mangochi, amawaona pa Khrisimasi pokha akakwera basi ku Park Station. Chiganizo chimenechi chokha chikhoza kumukhazika pansi wofalitsa mabuku.

Pamene muyenera kusamala ndi pa malonjezo. Mukhoza kunena kuti bukuli lingagwirizane ndi zionetsero za mabuku ngati Kingsmead Book Fair kapena Jozi Book Fair, kapena kuti mungakonde kukalikhazikitsa ku sitolo ya mabuku ya Love Books ku Melville, koma musalembe ngati anakuitanani kale. Chimodzimodzi Zodiak kapena MBC: tchulani pokhapokha pali amene munayankhula naye. Za kumudzi musadalire kwambiri, mtengo wa marandi ukasinthidwa kupita ku makwacha anthu amangoligwira bukulo n'kulibwezera pomwepo.

Tsamba limodzi ndi lokwanira. Koma simunatiuze chinthu chimodzi: mwalemba m'Chingerezi kapena m'Chichewa? Ngati ndi Chichewa, makampani ndatchulawa si khomo loyenera kugogoda, nkhani yake ndi ina, yodzisindikizira nokha. Ndiyankheni pompano tikambirane.