Za ntchito yogawa makadi ku kasino

Achimwene, mwafunsa ngati udila wa ku kasino ungakuyenereni poti MSCE muli nayo ndipo mwatopa kungokhala pa Kamuzu Road opanda chochita. Ungakuyenereni ngati masamu amakuyendani m'mutu komanso miyendo ili yolimba, chifukwa ndi ntchito yoimirira usiku onse, mumaweruka anzanu akulawirira ku Senga Bay kukapikula usipa. Makasino akuluakulu ali ku Lilongwe ndi Blantyre, ndiye kusamuka basi, lendi muiwerengeretu.

Pa roulette, masewera a gudumu lozungulira ndi kampira, pali manambala 37, kuyambira 0 mpaka 36, munthu akawina pa nambala imodzi mumamulipira ka 35, akabetcha pakati pa manambala awiri ka 17, ndiye tangoganizani anthu aunjika matchipi (timabatani toimira ndalama) paliponse inu muwerengere pompo opanda kakyuleta, kamera ili pamutu, insipekita ali pambali akukuyang'anani. Yunifolomu yake nthawi zambiri ilibe matumba, ndipo pochoka pa tebulo mumaonetsa zikhatho ku kamera kuti simunatenge kanthu.

Chowawa kwambiri ndi makasitomala oluza, ena atamwa kale, amakutukwanani ngati mwawabera ndinu koma inu muzingomwetulira. Musanasaine funsani za matipu (ndalama zomwe makasitomala amakupatsani pothokoza), malo ambiri amaphatikiza n'kugawana, komanso ngati amakakutulani kunyumba mukaweruka.