Ulendo wa ku Greece ndi thumba lopepuka: kogona ndi kodya

Sabata yatha ndinalandira kalata kuchokera kwa mayi wina, namwino wa ku Leicester, ku Britain. Iwo, bambo a kunyumba ndi ana awiri akufuna kukapuma ku Greece masiku 10 mu Ogasiti, ayambire ku Athens n'kukathera ku Santorini. Ndalama ya ndege anasunga kale, koma ataona mitengo ya mahotelo pa intaneti, nkhongono zinawathera. Funso lawo ndi lakuti: "Kodi anthu ngati ife tingakwanitse, kapena tingozisiya?"

Mayi, musazisiye. Greece si dziko lodula ayi. Chodula ndi mwezi umene mwasankha komanso chilumba chimene mwasankha, ndipo zonse ziwiri mutha kuzisintha.

Ogasiti ndi mwezi umene Agiriki eniake amatseka mashopu mu Athens n'kukhamukira kuzilumba, makamaka cha pa 15 Ogasiti, tsiku lalikulu la tchalitchi chawo. Pa nthawiyi mumalimbirana zipinda ndi Ulaya yense kuphatikizapo eni dziko, dzuwa lili phwee. Ndikudziwa kuti ana a sukulu amakumangani miyendo, koma ku Britain kuli katchuthi ka kumapeto kwa Meyi ndi ka mu Okutobala. Mu Meyi nyanja imakhala ikadali yozizirirapo. Mu Okutobala madzi amakhala ofunda chifukwa atentha chilimwe chonse, kungoti pa zilumba zazing'ono malo ambiri amakhala akutseka. Ngati Ogasiti sangasinthike, sankhani cha kumapeto kwake, pamene anthu ayamba kubwerera kwawo.

Za Santorini ndinena mosapsatira: musakagoneko masiku ambiri. Nyumba zoyera za m'mudzi wa Oia zimene mumaziona pa zithunzi ndi zokongoladi, koma chipinda cha pamwamba pa phompho loyang'ana kunyanja chingadye mu usiku umodzi ndalama imene kwina mukanagonera masiku angapo. Ngati mtima wakakamira, gonaniko usiku umodzi kapena uwiri ku Perissa kapena ku Kamari, mbali ya gombe la mchenga wakuda, n'kumakwera basi kupita ku Fira, tauni yaikulu ya chilumbachi, ndi ku Oia. Masiku otsalawo kakhaleni ku Naxos kapena ku Crete. Izi ndi zilumba zokhala ndi minda, ziweto ndi anthu amene amakhalamo chaka chonse. Naxos imadziwika ndi mbatata ya kachewere ndi tchizi chake, Crete ndi mafuta a olivi ndi ndiwo zamasamba. Chakudya chikamachokera pompo, mtengo wake sulumpha. Ndipo gombe la Agios Georgios, pafupi ndi tauni ya Naxos, ndi losaya, loyenera ana.

Tsopano kogona. Banja la anthu anayi lisamayang'ane hotelo. Yang'anani zimene amazitcha studios kapena apartments, zipinda za mabanja wamba zokhala ndi kakhitchini. Kawirikawiri mumapezamo furiji, mbaula yamagetsi ya mapuleti awiri, mapoto ochepa, ketulo, ndi khonde loyanikapo zovala zosambira. Kakhitchini kameneka ndi kamene kadzapulumutse thumba lanu. Mukachipeza pa Booking.com, fufuzani ngati eni ake ali ndi nambala kapena imelo yawo. Mukasungitsa mwachindunji kwa masiku asanu kupita m'tsogolo, ambiri amatsitsako. Funsaninso ngati makina oziziritsa mpweya ali m'kati mwa mtengo, chifukwa ena amalipiritsa padera. Ndipo chipinda chimene chili mphindi 10 kuchokera kunyanja chimatsika mtengo kwambiri poyerekeza ndi choyang'ana madzi.

Pali msonkho umene umadzidzimutsa ambiri. Boma limalipiritsa chipinda chilichonse usiku uliwonse, ndipo nthawi zambiri mumalipira pamalopo, osati pa intaneti. Kuyambira 2025, pakati pa Epulo ndi Okutobala, ndi mayuro 2 pa mahotelo ang'onoang'ono, mpaka mayuro 15 pa a nyenyezi zisanu, ndipo nyumba zobwereka za mtundu wa Airbnb ndi mayuro 8. Uwerengereni pasadakhale.

Ku Athens, masiku awiri kapena atatu akwana. Plaka, dera lakale la mzindawu, ndi yokongola poyenda madzulo, koma pogona sankhani Koukaki, Petralona kapena Pangrati, madera amene kumakhala mabanja, ndipo ku Acropolis, phiri la akachisi amakedzana, mumafikako wapansi kapena pa sitima ya pansi pa nthaka. Cha ku Omonia zipinda ndi zotchipa, koma ndi ana usiku ine sindingakulimbikitseni. Mukasankha Crete, pali sitima zonyamuka pa doko la Piraeus madzulo n'kufika ku Heraklion kapena ku Chania m'mamawa. Ndi tikiti ya mpando wamba mwayenda ndiponso mwagona pa mtengo umodzi; tengani majuzi, mkatimo mumazizira. Kumbukiraninso kuti ngati muli ndi pasipoti ya Malawi mufunika viza ya Schengen, yolowera m'maiko ambiri a ku Ulaya, ngakhale mukukhala ku Britain, ndipo amafuna umboni wa kogona. Choncho sungitsani malo ololeza kusintha popanda chindapusa mpaka viza ituluke.

Nkhani ya chakudya ndi imene ndimaikonda, chifukwa ku Greece wosauka sadya moperewera. M'mawa pitani kophikira buledi, kumene dera lililonse lili nako. Mumapeza koulouri, buledi wozungulira ngati mphete wowazidwa chitowe, wosapitirira yuro imodzi, komanso tiropita ya tchizi ndi spanakopita ya masamba, zotentha, zonyenyeka m'manja. Onjezani yogati ndi uchi za mu supamaketi ngati Sklavenitis, AB kapena Lidl, kadzutsa watha. Masupamaketi ambiri satsegula Lamulungu, gulani Loweruka.

Chakudya chachikulu chikhale cha masana, ndipo musakhale pamene munthu waima pakhomo n'kumakukodolani ndi menyu ya zithunzi. Lowani misewu iwiri kapena itatu kumbuyo, mufune taverna, lesitilanti wamba ya Agiriki, imene ili ndi mathireyi a zophikaphika kuseri kwa galasi. Nthawi zambiri amakulolani kuyandikira n'kuloza ndi chala. Pamenepo pali fasolada, msuzi wa nyemba. Gigantes, nyemba zikuluzikulu zowotchedwa mu matimati. Gemista, matimati ndi tsabola wobiriwira zodzazidwa mpunga. M'chilimwe mukaitanitsa vlita, akubweretserani bonongwe weniweni, wowiritsa, wothira mafuta a olivi ndi mandimu. Bamies ndi therere, lophikidwa lathunthu mu matimati. Ana akapempha nsomba, itanitsani gavros kapena marides, tinsomba tokazinga ngati usipa, todyera limodzi ndi mutu. Nsomba zikuluzikulu amagulitsa pa kilo, ndipo apa ndi pamene alendo ambiri amalira bilu ikabwera. Mukazifuna, uzani woperekera zakudya ayeze muli pompo, akuuzeni mtengo asanaike pamoto.

Agiriki sadya aliyense mbale yake. Amaika zonse pakati n'kumagawana. Inu anayi, saladi imodzi ya matimati, nkhaka, anyezi ndi chibanthu cha tchizi cha feta pamwamba, mbale ziwiri zophika, tchipisi ndi buledi, mukhuta. Buledi amene amaika patebulo amalipiritsa pang'ono, musadabwe. Ku Crete, mukamaliza, kawirikawiri amabweretsa zipatso kapena kakeke ndi kabotolo ka raki, kachasu wa mphesa, osalipiritsa. Ndi mwambo wawo wolandirira alendo, landirani ndi manja awiri.

Madzulo, gyros kapena souvlaki yokulungidwa mu pita (buledi wopyapyala), yokhala ndi nyama yowotcha, matimati, anyezi, tzatziki (yogati ya nkhaka) ndi tchipisi m'kati, imakhala cha pa mayuro 4 kapena 5. Nenani kuti mukufuna ya mu pita, chifukwa ya m'mbale imakwera kuwirikiza. Gyros yambiri ndi ya nkhumba. Ngati simudya, pemphani ya nkhuku. Masiku ena phikani nokha. Funsani eni nyumba tsiku la laiki, msika wa mumsewu umene umabwera kamodzi pa sabata m'madera ambiri. Alimi amayala matimati, mapichesi, mavwende, mphesa ndi mazira, ndipo cha kumasana, akamayandikira kupakira, amayamba kukuwa mitengo yotsika. Ku Athens kulinso msika waukulu wa Varvakios pa msewu wa Athinas, wa nyama ndi nsomba, woyenera kuuona ngakhale simugula.

Madzi a pampopi ku Athens ndi abwino, dzazani mabotolo anu. Pa zilumba zouma ngati Santorini anthu amamwa ogula, ndiye tengani paketi ya mabotolo akuluakulu 6 mu supamaketi, osati limodzilimodzi pagombe. Mipando ndi maambulera a pagombe nazonso zimadya ndalama mwakachetechete. Gulani ambulera yanu tsiku loyamba, muyale zitenje pa mchenga.

Ndalama imene mwapulumutsa muisungire tikiti ya Acropolis, imene kuyambira Epulo 2025 ndi mayuro 30 munthu wamkulu. Gulani pa intaneti, musankhe ola loyamba la m'mawa, ana asanatope ndi dzuwa.