Kodi pulogalamu yokonza njira za magalimoto ingachepetsedi mafuta?

Mayi wina amene ali ndi magalimoto asanu ndi imodzi operekera katundu m'masitolo wanditumizira imelo. Akuti m'mawa uliwonse amagawira madalaivala malo oti apite, aliyense n'kutsegula Google Maps pafoni, koma mafuta akutha msanga ndipo makasitomala ena akulandira katundu atatsala pang'ono kutseka. Akufunsa ngati kugula pulogalamu ya TMS, ija yoyendetsera ntchito za mtengatenga, kungathetse vutoli.

Mayi, kungathandize ndithu, koma pokhapokha mutayamba mwakonza zimene muzidzaiuza pulogalamuyo.

Tiyambe ndi Google Maps. Imalola malo 10 okha paulendo umodzi, ndipo imawatsata mmene mwawalembera, siikusankhirani poyambira. Sidziwa kuti muli ndi magalimoto angati kapena kuti iliyonse imanyamula zochuluka bwanji. Chonsecho nkhani yagona pa kusanja. Malo 10 mungawasanje m'njira 3,628,800 zosiyana, ndipo akafika 15 njirazo zimapitirira 1.3 thililiyoni. Palibe munthu angaziyese zonsezi m'mutu, ngakhale kompyuta siziyesa zonse. Imangofufuza mochenjera mpaka itapeza njira yabwino kwambiri pa nthawi imene yapatsidwa.

Vutoli ndi lakale. Mu 1959 George Dantzig ndi John Ramser analilemba mwa masamu poganizira magalimoto operekera petulo kumalo omwetsera mafuta. Mu 1964 akatswiri ena awiri, Clarke ndi Wright, anabweretsa njira imene mungaiyese ndi pensulo lero lomwe. Tinene kuti sitolo A ili pa makilomita 10 kuchokera kosungira katundu, sitolo B pa makilomita 12, ndipo pakati pa A ndi B pali makilomita 3. Kupita padera n'kubwerera ndi makilomita 44. Kuziphatikiza paulendo umodzi ndi makilomita 25. Mwapulumutsa 19. Muwerengere choncho masitolo awiriawiri onse, muyambe kuphatikiza amene akupulumutsa zambiri mpaka galimoto itadzaza. Mapulogalamu ambiri amayambira pa ganizo ngati limeneli kenako n'kumasinthasintha malo kuti aone ngati mtunda ungatsikenso.

Tsono apa ndi pomwe ambiri amagwa nayo. Amalowetsa maadiresi n'kuiwala nthawi yotsitsa katundu. Mukaiuza pulogalamu kuti pasitolo iliyonse galimoto imaima mphindi 10, pomwe zoona zake dalaivala amadikira wosainira, katundu awerengedwe, n'kunyamuka patatha mphindi 35, ndiye kuti pa masitolo 12 mwasemphana ndi maola asanu athunthu. Ndandanda ija ikamafika masana imakhala itasokonekera kale, ndipo mlandu umagwera pulogalamu. Choncho musanalipire aliyense, madalaivala azilemba nthawi yofika ndi yonyamuka pamalo alionse kwa milungu ingapo. Mudzaona kuti pali makasitomala awiri kapena atatu amene amadya nthawi ya anzawo onse.

Nawonso malo akhale enieni. Dalaivala akafika, asunge malowo pa GPS ya foni ataima pakhomo lotsitsira katundu, osati kumaso kwa sitolo, chifukwa nthawi zina khomolo lili mumsewu wina. Mulembenso maola amene kasitomala aliyense amalandira katundu, misewu imene galimoto yaikulu siiloledwa, komanso kulemera ndi kukula kwa katundu. Ziwirizi n'zosiyana: matiresi amadzaza galimoto isanalemedwe, simenti amailemetsa malo akadalipo. Ndipo opakira alandire ndandanda yomweyo, kuti katundu wotsika pomaliza alowe poyamba.

Mwina munamvapo za UPS, kampani yoperekera katundu ya ku United States imene ili ndi pulogalamu yake yokonza njira yotchedwa ORION. Kampaniyi inadziwika ndi kupewa kukhotera kumanzere, popeza kumeneko magalimoto amayenda kumanja ndipo kukhotera kumanzere kumafuna kudikira obwera kutsogolo adutse. Kumene amayenda kumanzere, kukhota kovuta ndi kwa kumanja. Njira yaifupi pamapu si nthawi zonse imene imakhala yachangu kapena yosadya mafuta.

Madalaivala musawasiye kunja. Amadziwa msewu umene umathithikana ana akamaweruka kusukulu ndi mlatho umene umasefukira mvula ikagwa. Akakana njira ya pulogalamu, afunseni chifukwa, ndipo chikakhala chomveka chilowetseni m'pulogalamumo. Akangomva kuti yabwera kudzawazonda, adzaizimitsa.

Pa zogula, ine sindikuona chifukwa choti muthamangire TMS yathunthu. Imeneyo imasunganso maoda, ma invoice, mapangano ndi eni magalimoto ahayala ndi umboni woti katundu wafika. Ndi magalimoto asanu ndi imodzi, pulogalamu yongokonza njira yokhala ndi app ya dalaivala ingakukwanireni. Zilipo zaulere monga OR-Tools ya Google, koma zimafuna munthu wodziwa kulemba mapulogalamu. Ogulitsa ambiri amalola kuyesa kaye. Poyesapo gwiritsani ntchito maoda anu enieni a mwezi watha, muyerekeze makilomita, malita a mafuta ndi chiwerengero cha katundu wofika mochedwa. Muwafunsenso ngati app yawo imagwirabe ntchito netiweki ikasowa, komanso ngati imatha kukonzanso njira masana oda yatsopano ikalowa kapena galimoto imodzi ikafa panjira.