Jazz ya ma mile 148,000, kodi ipirira chisanu cha ku Glasgow?

FUNSO: Zikomo a Makaniko. Ine ndimakhala ku Glasgow, ndimagwira ntchito yosamalira agogo m'makomo mwawo ndipo nyumba yoyamba ndimayenera kufika 6:30 m'mawa. Chisanu cha chaka chatha chinandikwana, kudikira basi mumdima zala zitauma gwa. Ndapeza Honda Jazz ya 2009, ya petulo, yayenda ma mile 148,000, mwini wake akufuna £1,200. Abambo akunyumba akuti chimenecho ndi chiphapha chidzanditaya panjira. Ndigule kapena ndisiye?
Mayi wa ana awiri, Glasgow

YANKHO: Achemwali, choyamba muwauze abambo akunyumba kuti Jazz imeneyo ndi Fit yomweyo tinaizolowera pa Lilongwe ija, dzina lokha ndiye anasintha. Ma mile 148,000 ndi makilomita pafupifupi 238,000, ayi ndithu yayenda, koma injini zimenezi ngati mwini wake amasintha oyilo pa nthawi yake zimapirira, komanso mkati mwake muli tcheni osati lamba ndiye nkhawa yoti lamba adzaduka mulibe. Nambala ya pa dashibodi ija isakuopseni kwambiri.

Ine mantha anga ali kunsi kwa galimotoyo. Kumeneko nthawi yozizira amawaza mchere m'misewu kuti madzi asaundane, mchere umenewo ukamamatira kunsi chaka ndi chaka umadya chitsulo, ndiye mupeza galimoto pamwamba ikuwala bwinobwino koma kunsi dzimbiri latha nayo, mapaipi a mabuleki, m'mbali munsi mwa zitseko, pomangirira mawilo akumbuyo, ukangogogoda ndi sikuludiraiva zikungoyoyoka ngati bisiketi wonyowa. Batire mutha kugula lina, matayala chimodzimodzi, koma dzimbiri likalowa pamenepo kuwotcherera kwake kutha kudya ndalama yoposa mtengo wa galimotoyo.

Ndiye musanakwere basi kukaiona, tengani nambala yake mulembe pa gov.uk pomwe pali mbiri ya MOT (kuyesa kwa chaka ndi chaka koona ngati galimoto ili yoyenera kuyenda pamsewu), ndi zaulere. Mudzaona ma mile a chaka chilichonse (ngati chaka china atsika m'malo mokwera thawani, wina anaseweretsa mita) komanso zomwe oyesa anadandaula nazo. Mukaona mawu akuti corrosion (ndiye dzimbiri lija) akubwerabwera zaka zotsatizana, isiyeni. Ndipo MOT yake ikhale ndi miyezi yambiri yotsala, osati ikutha sabata yamawa.

Kuti ndi ya petulo mwachita mwayi. Ntchito yanuyo ndi yoyenda pang'ono kuima, pang'ono kuima, injini siitentha mokwanira, ndipo za dizilo zimadana nazo zimenezo, fyuluta ya utsi imatseka. Komanso pakati pa mzinda wa Glasgow pali LEZ (dera loletsa galimoto zotulutsa utsi woipa wambiri) kuyambira June 2023, dizilo yakale ukalowa nayo ndi chindapusa cha £60 pomwepo, pamene petulo ya 2009 imalowa popanda vuto.

Pa £1,200 paja muikepo ina yapadera, ine ndinganene £400 kapena £500, ya batire, matayala ndi sevisi. Batire likapyola zaka 5 chisanu chimaligwetsa, ndipo 6 koloko m'mawa pa Glasgow simudzapeza anyamata okankha ngati pa depoti ya kwathu. Matayala lamulo limati mizere yake isachepere 1.6mm koma pa msewu woterera imeneyo ndi yochepa zedi, bola 3mm kupita m'mwamba, ndipo ndalama ikalola gulani a all-season, oyenda nyengo zonse. Hita muiyese, ngati siikutulutsa mpweya wotentha galasi lizingochita nthunzi inu osaona kutsogolo.

Chizolowezi chathu chija chothira madzi a pampopi mu radiyeta muchisiye pa Chileka pomwepo. Madzi akaundana amafufuma, amatha kung'amba injini usiku umodzi. Antifreeze basi, mankhwala oletsa madziwo kuundana. Madzi owira a m'ketulo pa galasi loundana ayinso, limasweka, kapulasitiki kopalira kaja nkotchipa.

China, funsani mtengo wa inshuwaransi musanalipire galimoto, kwa munthu amene alibe mbiri yoyendetsa kumeneko nthawi zina imaposa galimoto yeniyeniyo. Ndipo poti mwati chisanu chatha munali komweko, laisensi ya ku Malawi imagwira miyezi 12 yokha chifikireni, ndikhulupirira ya kumeneko munatenga kale.

Ndiye inde, ngati kunsi kuli bwino ndipo mapepala a sevisi alipo, igwireni, ikutumikirani zisanu ziwiri kapena zitatu. Pokaiona pitani m'mamawa kukuzizira, mumuuziretu mwini wakeyo kuti asailize inu musanafike, mukafika ikani dzanja pa boneti. Mukapeza pakutentha, mufunseni kuti amabisa chani.