Mustang ya maukwati kapena Sienta ya tsiku lililonse?

Funso: Alangizi, ndimagwira ntchito yowotcherera ku Johannesburg ndipo ndakhala ndikusunga ndalama kwa zaka 6. Ndapeza Ford Mustang GT ya 2017, ya injini ya 5.0. Ndikufuna ndibwere nayo ku Blantyre kuti ndizichititsa hayala pa maukwati ndi kwa ojambula mavidiyo a nyimbo. Anzanga agawikana. Ena akuti galimoto yopanda V8, injini yaikulu ya masilinda 8 ngati ya Mustang, ndi njinga yokhala ndi denga chabe. Ena akuti ndapenga, ndigule ma Sienta. Ndimvere ati? (Wowerenga wa ku Johannesburg)

Yankho: Achimwene, anzanu a V8 aja sakunama. Aliyense amene anamvapo Mustang ikulira m'mawa injini isanatenthe amadziwa chimene chimawapengetsa. Koma iwo akukamba za kukoma kwa galimoto, pamene inu mwafunsa za bizinesi, ndiye tiyeni tiwerengere.

Galimoto zimene a ku America amazitcha muscle car zinabadwa pa nthawi imene petulo anali wotchipa kwambiri kumeneko. Ambiri amati chiyambi chake ndi Pontiac GTO ya 1964: anatenga galimoto wamba n'kuikamo injini ya malita 6.4. Mustang inatuluka chaka chomwecho, ndipo okonda magalimoto mpaka lero amakangana ngati iyenera kutchedwa muscle car kapena pony car. Mkangano umenewo asiyireni eni ake. Chofunika kwa inu ndi chimene chinachitika pambuyo pake. Makampani a inshuwalansi atakweza mitengo, boma litakhwimitsa malamulo a utsi, ndiye mu 1973 mayiko a Aarabu n'kuchepetsa mafuta opita ku America, msika wa magalimoto amenewa unagwa chagada. Anthu a m'dziko lolemera chotero anazithawa mafuta atavuta. Inu mukufuna kupita nayo kumene anthu amagona pa mzere wa petulo.

Pali chinthu chimodzi chimene mwachita bwino. Kuyambira 2015 Ford imapanga Mustang ya chiwongolero cha kumanja, ndipo ndi imene imagulitsidwa ku South Africa. Dodge Challenger inkachokera kufakitale ndi chiwongolero cha kumanzere basi. Pa M1, kuti mupitirire thiraki muli pa mpando wa kumanzere, muyenera kutulutsa theka la galimoto musanaone chimene chikubwera. Choncho wina akakunyengererani kuti musinthe mutenge Challenger, kanani.

Tsopano mafuta. Mustang ya 5.0 imamwa malita pafupifupi 13 pa makilomita 100 mukaphatikiza m'tauni ndi msewu wautali. Pa mdipiti wa ukwati, woyenda pang'onopang'ono kuchokera kutchalitchi, kukajambulitsa, kukafika kuholo, uku oyendetsa akuponda moto kuti anthu amve kulira kwake, yembekezerani 16 kapena kuposa. Sienta ya 1.5 imamwa pafupifupi 7. Mukayenda makilomita 1,500 pa mwezi, Mustang yatha malita 195, Sienta 105. Kusiyanako ndi malita 90 pa mwezi, 1,080 pa chaka. Chulukitsani ndi mtengo wa petulo wa lero ndipo muona nokha. Komanso injini imeneyi sigwirizana ndi petulo wa m'zigubu wa m'mbali mwa msewu, amene nthawi zina amakhala wosakaniza ndi palafini kapena madzi. Tsiku la ukwati mafuta akasowa pa filing'i siteshoni, mudzakakamizika kugula yemweyo.

Sevisi nayo ndi nkhani. Mustang ya 2017 imafuna oyilo malita pafupifupi 7.6, pamene injini ya 1NZ ya mu Sienta yakale kapena Probox imakhuta ndi 3.7. Mapulagi ndi 8, osati 4. Matayala a GT ya ku South Africa ndi a mainchesi 19, akutsogolo 255/40, akumbuyo 275/40. Popeza kukula kwake n'kosiyana, simungawasinthanitse kuti athere limodzi, ndipo akumbuyo amatha msanga chifukwa mphamvu yonse imathera kumeneko. Matayala opyapyala chonchi akagunda dzenje amatupa m'mbali kapena kupinditsa limu. La Sienta mulipeza ku Limbe, ku Ndirande, ngakhale pa Balaka. La Mustang muliitanitsa ku Johannesburg, mulipire ndi marandi, mudikire basi kapena thiraki. Chimodzimodzinso mabuleki, mashoko, galasi la kutsogolo, ngakhale kasensa kakang'ono. Ikawonongeka Lachinayi ukwati uli Loweruka, mubweza ndalama za eni ukwati ndipo mbiri yanu iwonongekera pomwepo. Musaiwale kuti mimba yake ili pafupi ndi pansi, masentimita 14 okha kapena cha pomwepo. Mkwatibwi akakhala ku Bangwe kapena ku Machinjiri kumtunda, kumene msewu unakokoloka ndi mvula, mudzamudikirira pa tala.

Msonkho ndiwo umapha ambiri. MRA imawerengera potengera mtengo wa galimoto, kukula kwa injini ndi zaka zake. Injini ikakula msonkho umakwera, galimoto ikakalamba umakweranso. Ya 5,000cc ili m'gulu la pamwamba penipeni. Musaganize kuti poti mwaigula ku South Africa ndiye mupeputsidwa ngati katundu wa m'chigawo cha SADC, chifukwa Mustang imapangidwa ku Flat Rock, ku Michigan. Musanapereke ngakhale randi imodzi kwa wogulitsa, tumizani chaka, kukula kwa injini ndi mtengo kwa ejenti wovomerezeka wa za kasitomu, akulembereni ndalama zonse zimene mudzalipire pa Mwanza. Onetsetsaninso kuti mwini wake anamaliza ngongole ya kubanki, chifukwa ngongole ikadalipo galimoto ndi ya banki ndipo simungatuluke nayo. Mufunikanso kalata ya apolisi yotsimikiza kuti si yakuba musanafike pa Beitbridge.

Nanga ndalama zolowa? Maukwati ambiri amachitika Loweruka, ndipo amachuluka m'chilimwe. M'dzinja amachepa. Ngakhale mutakhala ndi mwayi, galimoto igwira ntchito masiku anayi kapena asanu pa mwezi, masiku enawo ili m'galaja, inshuwalansi ikuwerengabe. Ndipo inshuwalansi yake iyenera kukhala yokwanira, yolembedwa kuti galimoto ndi ya hayala. Mukalembetsa ngati yoyendera nokha, n'kuchita ngozi mutanyamula akwati olipira, kampani ili ndi chifukwa chokanira kukulipirani. Kenaka kumbukirani kuti Mustang ili ndi zitseko ziwiri ndipo mpando wa kumbuyo ndi wopanikiza. Mkwatibwi wa diresi lotambalala alowa bwanji? Ambiri adzaifuna ya zithunzi zokha, ola limodzi, ndipo adzafuna kulipira za ola limodzi.

Chitani chonchi: lembani zonse zimene galimoto idye pa chaka, inshuwalansi, COF, sevisi, matayala, malo oisunga, ndi kutsika kwa mtengo wake. Gawani ndi chiwerengero cha maukwati amene mukukhulupirira kuti mupeza, osati amene mukulakalaka. Yankho lake ndi mtengo wotsikitsitsa umene muyenera kutchaja, mafuta ndi dalaivala musanaike. Kenaka funsani amene amachititsa kale hayala ma Benz ku Blantyre kuti anthu amalipira zingati. Mitengo iwiriyo ikapanda kukumana, bizinesi palibe.

Maganizo anga ndi akuti mpamba wa zaka 6 usalowe m'galimoto imodzi imene makaniko ochepa okha angaitsegule. Anzanu a Sienta ali pafupi ndi zoona, ngakhale nawo akufulumira. Ma Sienta angapo kumudzi inu muli ku Joni ndi mutu wina: madalaivala odzaza anthu 10 m'galimoto ya anthu 7, ndalama zosafika, apolisi a pamsewu. Yambani ndi imodzi, mupeze munthu wokhulupirika woyang'anira, mugwirizane ndalama yokhazikika pa sabata, sevisi muzilipira nokha mwachindunji kugalaja. Mustang idzabwere pamene phindu lokha, osati mpamba, lingathe kuigula ndi kuidyetsa.

Funso: Ndili ndi golosale ku Kasungu ndipo ndimapikula katundu ku Lilongwe kawiri pa sabata. Ndikufuna Probox, koma bambo a kunyumba akuti Probox ndi yochititsa manyazi, tigule Mark X poti ili ndi mphamvu. Ndalama ndi za bizinesi. (Mayi wa ku Kasungu)

Yankho: Mayi, Mark X ndiyo muscle car ya kwathu kuno: V6 ya 2.5, yokoka ndi matayala akumbuyo, yokoma kuyendetsa. Ndikumvetsa chifukwa chake bambo aikonda. Koma makatoni a sopo ndi mabelo a shuga salowa bwino m'buti yake, ndipo pa ulendo wa makilomita pafupifupi 260 kupita ndi kubwera, kawiri pa sabata, idzamwa malita 10 pa makilomita 100 alionse pomwe Probox yamwa 7. Injini yake imapopera petulo mwachindunji m'masilinda, ndipo mtundu umenewu umaunjika mwaye pa mavavu, makamaka mafuta akakhala osayera bwino. Kukonza kwake si kwa makaniko wa pansi pa mtengo.

Probox inapangidwira ntchito yanuyo. Toyota inaitulutsa mu 2002 kuti izinyamula katundu wa amalonda ku Japan. Koma ili ndi malire: makilogalamu 400, amene ndi matumba 8 a 50. Mukamaika 15 monga amachitira ena, mashoko akumbuyo, mabering'i ndi matayala zizitha miyezi ingapo iliyonse, ndipo mabuleki sagwira pa nthawi yake. Gulani matayala olembedwa LT kapena C, a magalimoto onyamula katundu, osati a galimoto wamba.

Samalani ndi giyabokosi. Probox zoyambira 2014 zili ndi giyabokosi ya otomatiki ya mtundu wa CVT, imene imafuna mafuta akeake. Makaniko akathiramo ATF, mafuta a giyabokosi ya otomatiki wamba, iyamba kunjenjemera ponyamuka, kenaka kulira, kenaka kufa, ndipo nthawi zambiri mankhwala ake ndi kugula ina. Ngati muzidzaza katundu kawirikawiri, yakale ya magiya a pamanja ndiyo yopirira.

Mukaitanitsa ku Japan, mtengo wa pa intaneti usakunamizeni. FOB ndi mtengo wa galimoto ili pa doko la ku Japan. CIF ndi mpaka pa Dar es Salaam. Pamwamba pake pali zolipira padoko, ejenti, dalaivala ndi mafuta mpaka pa Songwe, msonkho wa MRA, kulembetsa ku Road Traffic, nambala, COF ndi inshuwalansi. Pemphani pepala la kumsika wa ku Japan: giredi 4 ndi yabwino, 3.5 ndi yapakati, R ikutanthauza kuti inachitapo ngozi n'kukonzedwa. Mukagula ya pompano, pitani m'mawa injini isanalizidwe, chifukwa injini yotentha imabisa zambiri. Tsegulani chotsekera oyilo: mukaona zoyera ngati chambiko, madzi akulowa mu oyilo. Yerekezani nambala ya chasisi ndi ya pa blue book, chilembo ndi chilembo, ndipo mupite limodzi ndi mwini wake ku Road Traffic kukasintha umwini musanamalize kulipira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere: penti wonyezimira asakuiwalitseni kugwada n'kuyang'ana kunsi.

Pa ndalama zonse, siyani gawo limodzi mwa magawo 10 la sevisi yoyamba, batire ndi matayala. Ndipo musakokolole mashelefu kuti mugule galimoto. Probox yopanda katundu woti inyamule ilibe ntchito. Bambo auzeni mwaulemu kuti galimoto iyi ndi wantchito wa golosale. Mark X idzagulidwe ndi ndalama za m'thumba mwawo.

Funso: Ndinamva kuti ma muscle car akale amakwera mtengo chaka ndi chaka. Kodi si njira yabwino yosungira ndalama kusiyana ndi kubanki, poti kwacha ikungogwa? (Wowerenga wa ku Area 25, Lilongwe)

Yankho: Bambo, zimachitikadi, koma kwa magalimoto owerengeka. Mu 2014 Plymouth Hemi Cuda ya 1971, yotsegula denga, inagulitsidwa madola 3.5 miliyoni ku Seattle. Chifukwa chake n'chakuti za mtundu umenewo zinapangidwa zosapitirira 12 chaka chimenecho, ndipo iyo inali ndi injini yake yochokera nayo kufakitale ndi mapepala otsimikiza. Ogula otere ali ku America. Mustang kapena Camaro wamba, yopangidwa zikwizikwi, imatsika mtengo ngati galimoto ina iliyonse.

Kuno chimasokoneza anthu ndi kwacha. Ndalama yathu itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya magalimoto inalumpha, ndipo ena anagulitsa mokwera kuposa mmene anagulira n'kumati apindula. Funso ndi lakuti: ndalama mwalandirazo zingagulenso galimoto yofanana nayo? Ngati sizingathe, mwaluza. Ndipo pogulitsa, Vitz kapena Hilux ipeza wogula sabata yomweyo, pamene V8 idikira munthu mmodzi mwa ochepa amene angaikwanitse, ndipo iyeyo akudziwa kuti mulibe kwina kopita.

Galimoto yoimikidwa nayo imadya. Batire imafa, mabuleki amagwirana, matayala amaphwatalala mbali imene yagunda pansi, makoswe amatafuna mawaya. Petulo wathu ndi wosakaniza ndi ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa, amene amakoka chinyezi akakhalitsa m'thanki ndipo amadya mapaipi a labala ndi za m'kabuleta za magalimoto a m'ma 1960 ndi 1970. Amene ali nayo kale aziiliza ndi kuiyendetsa makilomita 20 kapena 30 pa masabata awiri alionse, ndipo mapaipi a mafuta asinthe aike opirira ethanol.