Funsani Dokotala: Watsitsimuka, koma sakutizindikira

Funso: Adokotala, mwana wa achemwali anga, mnyamata wa zaka 19, anavulala kwambiri m'mutu pa ngozi ya njinga yamoto. Anakomoka masiku angapo, koma pano watsitsimuka ndipo amutulutsa ku ICU, chipinda cha odwala mwakayakaya. Nditapita kukamuona sanandidziwe, komanso anatukwana mayi ake, chonsecho ndi mwana waulemu. Anzake ambiri akufuna kukamuzonda. Tizitani? — Mayi wodandaula

Yankho: Pepani kwambiri mayi. Zimene munaonazo n'zopweteka mtima, koma ife sizitidabwitsa. Munthu wovulala ubongo akatsitsimuka, kawirikawiri amayamba wasokonezeka kwa masiku kapena masabata. Ubongo umakanika kusunga zatsopano: mumuuza m'mawa kuti ali kuchipatala, pofika masana waiwala. Kutukwanako kumabwera makamaka ikavulala mbali ya ubongo ya kuseri kwa chipumi, imene imamuletsa munthu kungolankhula chilichonse chimene chamubwerera. Si mwano ayi, musamukalipire. Achemwali anuwo muwafotokozere zimenezi, poti mawu oterowo amalasa kwambiri mayi wobereka.

Ubongo wovulala umatopa msanga ndi phokoso ndiponso chigulu cha anthu. Muzilowa awiri basi, kwa mphindi 10 kapena 15, mafoni mutazimitsa, ndipo azilankhula mmodzi, pang'onopang'ono. Akayamba kutembenuzira nkhope kukhoma, kukoka machubu kapena kupsa mtima, watopa ameneyo, tsanzikani.

Chimene ndimaletsa kwambiri ndi funso lija lakuti, "Ukundidziwa? Tanena, ndine ndani?" Aliyense wolowa amafunsa zomwezo, ndi mtima wabwino ndithu, koma kwa wodwalayo ndi mayeso amene akungolephera tsiku lonse, ndipo zimamuwonjezera mantha. Muuzeni nokha: "Ndine mayi ako aang'ono. Lero ndi Lachitatu. Uli kuchipatala chifukwa unachita ngozi, ndipo akukusamalira." Mubwereze tsiku lililonse osatopa. Akanena zosokonekera musatsutsane naye, ingosinthani nkhani. Ngakhale atatseka maso mwina akumva, choncho zokambirana zakuti achira kapena sachira zikachitikire panja.

Musamupatse chakudya, ngakhale madzi, musanafunse anamwino. Ambiri ovulala m'mutu amavutika kumeza, ndiye chakudya chimalowera m'mapapo n'kuyambitsa chibayo. Bedi mukalipeza lokwezedwa kumutu, lisiyeni choncho. Timalikweza dala, pafupifupi madigiri 30, kuti ubongo wotupa usapanikizike m'chigaza. Ngati anamuchotsa kachidutswa ka fupa la chigaza pa opaleshoni, pamalopo musakhudzepo. Sambani m'manja polowa, ndipo amene ali ndi chimfine kapena chifuwa ayambe wachira.

Itanani anamwino nthawi yomweyo mukaona akuphupha ngati wakhunyu, akusanza, akuvuta kudzutsa kuposa kale, kapena akutuluka madzi oyera m'mphuno kapena m'khutu.

Anzakewo musawabweze, koma apangane zopita mosinthana, ndipo asamujambule n'kuika zithunzi pa Facebook kapena WhatsApp, popeza mwini wake sangathe kuvomereza panopa. Muwauzenso kuti adzafunika kwambiri akadzatuluka. Kuchira kumathamanga m'miyezi 6 yoyambirira, kenako kumapitirira pang'onopang'ono, mwina kwa zaka, ndipo nthawi imeneyo achinyamata ambiri amapezeka ali okhaokha, anzawo atasiya kubwera chifukwa mnzawo akuiwalaiwala ndiponso sachedwa kukwiya.