Mafunso Anu: Mpikisano wa Mabwato pa Madzi Olusa

FUNSO: Akonzi, ndinaonera pa kanema mpikisano wa dziko lonse wa timabwato todutsa pakati pa timitengo tolendewera m'madzi othamanga kwambiri. Chinandidabwitsa n'chakuti amene anafika msanga kuposa anzake onse sanapambane. Kodi oweruza amatsata chiyani?

YANKHO: Zikomo kwambiri chifukwa cha funso lanu. Masewerawa amatchedwa canoe slalom, ndipo amayendetsedwa ndi bungwe la International Canoe Federation, lomwe linachititsa mpikisano woyamba wa dziko lonse mu 1949 ku Geneva, m'dziko la Switzerland.

Timitengo timene munaonato ndi zipata, ndipo pa mpikisano uliwonse zimakhalapo pakati pa 18 ndi 25. Pa chipata chamizere yobiriwira wopalasa amadutsa motsatira madzi, koma pa chamizere yofiira ayenera kutembenuza bwato n'kulowa molimbana ndi madzi. Akakhudza kamtengo ndi nkhafi, bwato kapena thupi lake, oweruza amamuwonjezera masekondi 2 pa nthawi yake, ndipo akaphonya chipata kapena kulowa mbali yolakwika amamuwonjezera masekondi 50. Popeza ulendo wonse umatha pa mphindi imodzi ndi theka kapena kupitirira pang'ono, ndipo akatswiri amasiyana kawirikawiri ndi kachigawo chabe ka sekondi, kukhudza kamtengo kamodzi kokha kumatha kuchotsa munthu pa mendulo yagolide n'kumusiya wopanda kanthu.

Ine ndimaona kuti ukatswiri weniweni umaonekera pa zipata zofiira. Zimenezi amaziika m'mbali kapena kuseri kwa mwala, pamene madzi amazungulira n'kubwerera m'mbuyo. Wopalasa amabwera ndi liwiro, amazika nkhafi m'madzi obwererawo, amamiza kumbuyo kwa bwato kuti lizungulire msanga, kwinaku akupendeketsa mutu ndi mapewa kuti kamtengo kadutse pafupi ndi khutu popanda kukhudza. Amene amadziwa kuwerenga madzi amalola kuti mafunde amunyamule, pamene wodalira mphamvu zokha amafika pa zipata zomaliza manja atalema kale.

FUNSO: Kodi kayak ndi canoe zimasiyana pati, poti onse ndi mabwato?

YANKHO: Mu kayak munthu amakhala pansi atatambasula miyendo, ndipo nkhafi yake imapalasa mbali zonse ziwiri, pamene mu canoe amagwada n'kumapalasa ndi nkhafi yambali imodzi. Pa Olympics amayi anayamba kupikisana mu canoe pa masewera a ku Tokyo, omwe anachitika mu 2021, ndipo anapambana anali Jessica Fox wa ku Australia, yemwenso anatenga golide m'mabwato onse awiri ku Paris mu 2024.

FUNSO: Ndimayembekezera kuona mtsinje weniweni, koma ndinaona ngalande yasimenti. N'chifukwa chiyani sachitira kumtsinje?

YANKHO: Mipikisano yoyambirira inkachitikiradi m'mitsinje, koma vuto lake n'lakuti madzi a mumtsinje amakwera ndi kutsika, motero wopalasa m'mawa ndi wopalasa madzulo sakumana ndi mafunde ofanana. M'ngalande zomangidwa madzi amayendetsedwa ndi mapampu kapena zotsekera, ndipo m'zambiri zamakono zotchinga madzi zimasunthidwa kuti mafunde apangike pamene okonza akufuna.

Nkhaniyi inayamba kutchuka mu 1972, pamene masewerawa analowa koyamba mu Olympics ya ku Munich, ndipo anachitikira pa ngalande ya Eiskanal ku Augsburg. Dziko la East Germany litaphunzira kamangidwe kake, linamanga ngalande yofanana nayo ku Zwickau kuti opalasa ake aziphunzirapo, ndipo pamapeto pake linatenga mamendulo onse anayi agolide. Kenako masewerawa anachotsedwa mu Olympics mpaka 1992, pamene anabwerera pa ngalande ya La Seu d'Urgell ku Spain.

Ngalandezi zabweretsa chilungamo pa tsiku la mpikisano, koma ine chimandidetsa nkhawa n'chakuti zimadya ndalama zambiri pomanga ndi poyendetsa, choncho akatswiri ambiri amachokera m'mayiko ochepa omwe ali nazo, monga France, Germany, Slovakia, Czech Republic, Britain ndi Australia. Benjamin Boukpeti anapezera dziko la Togo mendulo yoyamba ya Olympics pomaliza pa nambala 3 mu kayak ku Beijing mu 2008, komatu iyeyu anabadwira ndi kuphunzirira kupalasa ku France. Bungwe loyendetsa masewerawa likanachita bwino kuika mtima pa kutumiza aphunzitsi, mabwato ndi zipata kumayiko omwe ali ndi mitsinje yabwino koma alibe ngalande, chifukwa mwana angathe kuphunzira kuwerenga madzi pa mtsinje uliwonse wothamanga pamene pali womuyang'anira.